Dima kapena thangata? Mbiri ya mapulogalamu otseguka kuyambira pa Park Station

Basi yochokera ku Blantyre ikadutsa pa Mwanza ndi pa Zobue, n'kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, n'kutulukamo pa Beitbridge, ulendo wake umakathera pa Park Station, pakati pa mzinda wa Johannesburg. Mabasi a ku Lusaka, a ku Harare ndi a ku Maputo amatsitsanso anthu pomwepo. Malowa anayamba ngati kasiteshoni kakang'ono pa njanji yotchedwa Rand Tram, imene inatsegulidwa mu 1890 kuti izitutira malasha a ku Boksburg ku migodi ya golide. Mu 1897 anaimikapo chinyumba cha zitsulo ndi magalasi chochokera ku Netherlands, chimene lero chili chiimire ku Newtown, pafupi ndi mlatho wa Nelson Mandela. M'nthawi ya tsankho, azungu ndi anthu akuda anali ndi makomo osiyana olowera pasiteshonipo.

Mlendo wotsika basi pamenepo sakhala yekha nthawi yaitali. Pamakhala mlamu, mnzake wa kumudzi kapena mkulu wa mpingo womudikira. Wina amamusonyeza pogona, wina amamunong'oneza kumene kuli ganyu, ndipo pakapita miyezi naye amayamba kusonkha ku gulu la maliro limene limatumiza kwawo matupi a omwalirira ku Joni. Palibe ofesi imene inakhazikitsa dongosolo limeneli, palibenso amene amalandira malipiro poliyendetsa. Limayenda chifukwa wolandiridwa dzulo ndiye amalandira mnzake mawa. Mizu yake ndi yakale, ya m'masiku a Wenela, pamene amuna zikwizikwi a ku Nyasaland ndi maiko oyandikana nawo ankalembedwa ntchito za m'migodi, mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown ya mu April 1974, imene inapha Amalawi oposa 70, inachititsa Kamuzu Banda kuimitsa kalemberayo.

Mtunda woyenda pansi kuchokera pasiteshonipo, mumsewu wa Juta ku Braamfontein, muli Tshimologong, malo amene yunivesite ya Wits inatsegula mu 2016 motsogozedwa ndi malemu Pulofesa Barry Dwolatzky, kuti achinyamata aziphunzirirapo kulemba mapulogalamu a kompyuta. Anthu a pabasi ndi anthu a pamakompyuta sadziwana kwenikweni. Komabe funso limene limavutitsa magulu onse awiri ndi limodzi: ntchito ya onse, yopanda mwini mmodzi, imapitirira bwanji oiyambitsa akatopa?

Pulogalamu iliyonse ya kompyuta imayamba ngati malangizo olembedwa ndi munthu, amene odziwa amawatcha khodi. Makampani ambiri amabisa khodiyo, n'kumagulitsa chilolezo chongogwiritsa ntchito pulogalamu. Mu 1983 Richard Stallman wa ku America anakana mchitidwewu poyambitsa ntchito ya GNU, ndipo mu 1989 anatulutsa layisensi ya GPL. Layisensiyo imalola aliyense kuwerenga khodi, kuisintha ndi kuigawa, koma pa mfundo imodzi: wogawa zimene wasintha azipereka ndi ufulu womwewo umene iye anazilandirira. Mu 1991 wophunzira wa ku Finland, Linus Torvalds, anatulutsa Linux, ndipo mu 1993 Ian Murdock anayambitsa Debian, gulu la anthu ongodzipereka losonkhanitsa mapulogalamu otere kuti akhale chinthu chimodzi choyendetsa kompyuta yonse. Dzina lachingerezi lakuti open source linabwera mochedwa, mu 1998. M'nkhani ino atchedwa mapulogalamu otseguka.

Mchewa sangavutike kumvetsa zimenezi, chifukwa ndi dima. Mwini munda amafulula mowa kapena thobwa, anansi amabwera ndi makasu awo, munda umatha tsiku limodzi, ndipo sabata yamawa onse amapita kwa wina. Koma Mchewa yemweyo amadziwanso mawu ena, thangata. Poyamba mawuwa ankanena za kuthandizana, monga mmene mneni wakuti kuthangata akunenerabe. Atafika azungu a minda ikuluikulu ku mapiri a Shire, anatenga mawuwo n'kuwasandutsa dzina la ntchito yokakamiza imene anthu okhala pa malo awo ankagwira m'malo mwa lendi. Nkhanza za thangata pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero zinali chimodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu January 1915. Mawu anali omwewo, khasu linali lomwelo. Chinasintha ndi amene ankakolola. Mbiri ya mapulogalamu otseguka imayenda pakati pa mawu awiriwa.

South Africa inalowa m'mbiriyi ndi ndalama za munthu mmodzi. Mark Shuttleworth, wobadwira ku Welkom mu 1973, anayambitsa kampani ya Thawte ku Cape Town mu 1995, ndipo kumapeto kwa 1999 anaigulitsa kwa VeriSign pa madola a ku America pafupifupi 575 miliyoni. Mu April 2002 anakwera chombo cha ku Russia kupita m'mlengalenga. Atabwerako anasonkhanitsa ena mwa akatswiri a Debian, nakhazikitsa kampani ya Canonical, ndipo pa 20 October 2004 anatulutsa mtundu watsopano wa Linux umene anautcha Ubuntu. Ndi mawu a Chizulu ndi Chixhosa, abale ake enieni a umunthu. Tsinde lake ndi limodzi ndi la munthu, anthu ndi chinthu. Kuyambira pamenepo anthu a ku Brazil, India ndi Germany anayamba kutchula tsiku ndi tsiku mawu a Chibantu, ambiri osadziwa kumene anachokera.

Chimene Ubuntu inachita mwanzeru sichinali m'khodi ayi. Magulu a mapulogalamu otseguka a nthawi imeneyo ankadziwika ndi mwano: wofunsa funso lachibwana ankanyozedwa, ndipo ambiri ankachoka osabwereranso. Ubuntu inayamba ndi malamulo olembedwa a khalidwe, amene Benjamin Mako Hill anathandiza kulemba, onena kuti anthu azilemekezana, azifunsa akakayika, ndiponso kuti wofuna kusiya udindo azitula pansi mwadongosolo, osangozimiririka. Mfundo yomalizayi imaoneka yaing'ono, koma aliyense amene anaonapo msungichuma wa gulu la chipereganyu atasowa ndi kabuku ka maina amadziwa kulemera kwake. Inakhazikitsanso nthawi yodziwika, mtundu watsopano miyezi 6 iliyonse, mu April ndi mu October, kuti wodzipereka adziwe pamene ntchito yake ikufunika. Inalimbikitsa timagulu ta m'maiko, ndipo inatsegula njira yoti aliyense amasulire mawu a pulogalamu m'chinenero chake kudzera pa Launchpad. Gulu la Linux lenileni linadikira mpaka September 2018 kuti lilandire malamulo a khalidwe a mtundu umenewu, Torvalds atavomereza poyera kuti kalankhulidwe kake kanapweteka anthu.

Panali vuto lina la kuno kwathu. Intaneti inali yodula ndi yochedwa, moti pulogalamu yaulere inali ngati madzi a m'chitsime chakuya chopanda chingwe. Canonical inayamba kutumiza ma CD a Ubuntu papositi kwaulere kwa aliyense wopempha, m'ndondomeko yotchedwa ShipIt. Bungwe la Shuttleworth Foundation linaika m'malo osiyanasiyana makina otchedwa Freedom Toaster, ooneka ngati kabati yaitali, pamene munthu ankabwera ndi CD yopanda kanthu n'kudziwotchera mapulogalamu. Motero mapulogalamuwo ankayenda m'matumba ndi m'zikwama, kuchoka m'dzanja kupita m'dzanja, monga amayendera katundu wotumizidwa kumudzi. Mu February 2007 nduna za boma la South Africa zinavomereza mfundo yakuti maofesi a boma azitsogoza mapulogalamu otseguka. Zinkaoneka ngati kwacha.

Zambiri mwa zimenezi zinafota. ShipIt inatsekedwa mu 2011. Chingwe cha pansi pa nyanja cha SEACOM chitafika mu 2009, makina owotchera ma CD anayamba kutha ntchito. Impi Linux, mtundu wa ku South Africa komweko umene Shuttleworth anagulamo gawo lalikulu mu 2005, unazimirira. Maofesi ambiri a boma anapitiriza kugula malayisensi monga kale, pakuti mfundo yolembedwa papepala siphunzitsa kalaliki kapena kukonza kompyuta ikafa. Ndipo mu May 2008, patangopita milungu yochepa Ubuntu 8.04 itatuluka, ziwawa zodana ndi alendo zinabuka ku Alexandra n'kufalikira m'dziko lonse. Anthu 62 anaphedwa, ndipo Amalawi ambiri anabwerera kwawo pa mabasi amene boma lawo linatumiza. Dzina lokoma pa CD silinatchinjirize aliyense.

Ngakhale m'kati mwa Ubuntu, umunthu unali ndi malire. Shuttleworth ankadzitcha mwanthabwala wolamulira wokoma mtima wamuyaya wodziika yekha, nthabwala imene Mmalawi wokumbukira 1971 sangaiseke ndi mtima wonse. Mu 2011 Canonical inasintha maonekedwe onse a Ubuntu n'kuika ake otchedwa Unity, ambiri mwa odzipereka akudandaula. Mu 2017 inawasiya, chigamulo chikuchokeranso pamwamba. Ubuntu ilipo mpaka lero ndipo ndi yamphamvu, makamaka m'makompyuta akuluakulu a makampani. Koma Debian, mayi wake wosauka, amene alibe mwini ndipo amasankha mtsogoleri mwa voti chaka ndi chaka, nayenso alipo, patapita zaka zoposa 30. Msonkhano wake waukulu unachitikira ku Cape Town mu 2016, ndipo kuyambira 2020 mpaka 2024 mtsogoleri wake anali Jonathan Carter wa ku South Africa.

Ntchito imene inazika mizu kwambiri m'dera lino si imene inatchuka m'manyuzipepala. Tsankho litatha mu 1994, South Africa inatsala ndi maunduna a zaumoyo ogawikana mwa mtundu, aliyense ndi mabuku akeake. Akatswiri a yunivesite ya Western Cape ndi ya Oslo anayamba kugwira ntchito ndi anamwino ndi makalaliki a m'zipatala zazing'ono za ku Cape Town, kufunsa kuti ndi ziwerengero ziti zimene iwo eni akuzifuna. M'menemo munabadwa pulogalamu ya DHIS. Mtundu wake wachiwiri, DHIS2, unayamba kugwiritsidwa ntchito ku Kerala m'dziko la India mu 2006, ndipo lero maiko oposa 70 amaudalira, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique. Chiwerengero cha ana obayidwa katemera ku Mchinji, ku Chipata kapena ku Angónia chimadutsa m'pulogalamu imene mbewu yake inafesedwa ku Cape Town. Chinsinsi chake n'chosabisika: anthu amalipidwa kuti aisamale, ndipo ophunzira ochokera m'maiko oigwiritsa ntchito amaphunzitsidwa mpaka madigiri apamwamba, n'kubwerera kwawo kukaphunzitsa ena. Ku Lilongwe nako, kuyambira 2001, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anaika pa chipatala cha Kamuzu Central makompyuta ongodina pagalasi olembera odwala, ndipo mapulogalamu ake analembedwa ndi achinyamata a ku Malawi konko.

Kumene kulibe wolipira, dima limasanduka thangata mosaonekera. Mu April 2014 kunapezeka chilema chotchedwa Heartbleed m'pulogalamu ya OpenSSL, imene inkateteza zinsinsi za mbali yaikulu ya intaneti, mabanki ndi masitolo omwe. Dziko linadabwa kumva kuti pulogalamuyo inkasamalidwa ndi anthu owerengeka, ndipo zopereka zimene inkalandira pachaka zinali pafupifupi madola 2,000. Patapita zaka khumi, mu March 2024, Andres Freund anaona kuti kompyuta yake ikuchedwa ndi theka la sekondi polumikizana ndi ina. Atafufuza anapeza khomo lachinsinsi lobisidwa m'kapulogalamu kotchedwa xz, kamene kali pafupifupi m'makompyuta onse a Linux. Wokasamalira, Lasse Collin, anali atagwira ntchitoyo yekha zaka zambiri popanda malipiro, ndipo anali atanena poyera kuti watopa. Munthu wodzitcha Jia Tan anabwera ngati wothandiza, anagwira ntchito mokhulupirika zaka ziwiri, napatsidwa makiyi. Pamenepa cholakwa sichinali cha wotopayo. Makampani olemera ankakolola m'munda umene mlimi wake sanamufunsepo ngati wadya.

Kwa olankhula Chichewa ndi Chinyanja, gawo la mbiriyi lowakhudza kwambiri ndi la kumasulira. Mu 2001 Dwayne Bailey anayambitsa Translate.org.za, bungwe limene m'zaka zochepa linamasulira OpenOffice.org m'zinenero zonse 11 zimene zinali zovomerezeka ndi boma la South Africa. Pogwira ntchitoyo linapanga zida zake, Pootle, Virtaal ndi Translate Toolkit, n'kuzipereka kwa onse. Mozilla inagwiritsa ntchito Pootle zaka zambiri, ndipo Translate Toolkit ikugwirabe ntchito m'kati mwa Weblate, imene magulu ambiri amamasulirira lero. Zidazo zinakhalitsa kuposa zambiri mwa zomasulirazo, pa chifukwa chimene womasulira aliyense amachidziwa. Buku likamasuliridwa latha. Pulogalamu imasintha miyezi ingapo iliyonse, mawu atsopano amalowa, akale amachotsedwa, ndipo chinenero chimene chilibe wochilondola chimayamba kuoneka zigamba, mzere wina Chizulu, wotsatira Chingerezi, mpaka eni pulogalamu amachichotsa. Thandizo la ndalama la zaka ziwiri limagula kumasulira koyamba. Siligula zaka khumi za kupalira.

Chichewa nacho chinayesedwa. Mu 2014 magazini ya The Economist inalemba za omasulira mapulogalamu a Mozilla, ndipo inatchula kuti masamba amene kompyuta imasunga kuti iwatsegule msanga ulendo wina, m'Chichewa anawatcha mfutso wa tsamba. Magaziniyo inatanthauzira mfutso ngati zakudya zotsala, koma pamenepo inaphonya. Chotsala ndi mkute. Mfutso ndi masamba ofutsidwa dala, owiritsidwa pang'ono ndi kuyanikidwa nthawi ya dzinja, n'kusungidwa m'chikwatu kuti adzathandize m'chilimwe ndiwo zikasowa. Ndicho chimene kompyuta imachita, ndipo womasulirayo anaona bwino kuposa womufotokozera. Mwayi wina ndi wakuti tsamba la buku ndi tsamba la nkhwani ndi liwu limodzi. Mawu otere sapezeka ndi munthu wothamangira malipiro a paliwu. Amapezeka pamene anthu akhala pansi n'kutsutsana. M'December chaka chomwecho Google Translate inalandira Chichewa, koma imeneyo ndi nyumba ya eni: wolankhula angathe kuigwiritsa ntchito, sangathe kutsegula m'kati kuti aone chifukwa chimene yalakwitsira.

Kupanga chida chounikira kalembedwe ka Chichewa ndi ntchito yoposa kulemba mndandanda wa mawu. Liwu limodzi lakuti sindidzakupatsaninso lanyamula kukana, mwininkhani, nthawi, pamtherankhani, tsinde, ulemu ndi kubwereza, zimene Chingerezi chimazimwaza m'mawu ambiri. Mneni mmodzi angathe kubala maonekedwe zikwi. Mwamwayi pulogalamu yotseguka ya Hunspell, imene LibreOffice ndi Firefox amagwiritsa ntchito, inalembedwa ndi László Németh chifukwa cha Chihangare, chinenero chimene nachonso chimalumikiza timaphatikizo, choncho imalola kulemba malamulo a aphatikiram'mbuyo ndi aphatikiram'tsogolo. Chida chilipo. Chimene chimavuta ndi kugwirizana kuti cholondola n'chiti.

Apa mpamene malire a atsamunda amalowera m'kompyuta. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha Malawi Congress unasintha dzina la chinenerochi kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, amene anakonzedwanso pambuyo pake. Mu 1996 ntchitoyo inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba. Zambia inatulutsa malamulo ake mu 1977, ndipo mwana wa sukulu ku Katete amalemba Cinyanja ndi cabwino pamene mnzake wa ku Dedza amalemba Chichewa ndi chabwino. Ku Mozambique nakonso amalemba c. Palinso chilembo cha ŵ, chimene ena amachisunga, ambiri anachitaya, ndipo m'makompyuta chimapezeka mosavuta chifukwa chinenero cha Welsh chimachigwiritsanso ntchito. Mu 2001 bungwe la CASAS la ku Cape Town, lotsogozedwa ndi Kwesi Kwaa Prah, linasindikiza kalembedwe kogwirizanitsa zinenero za Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma masukulu ndi manyuzipepala a dziko lililonse anapitiriza njira zawo.

M'dziko la mapulogalamu otseguka, gulu likasemphana kwambiri limagawikana: ena amatenga khodi yonse n'kukayamba mudzi wawo, monga mbumba yosamuka pambuyo pa mkangano wa ufumu. Nthawi zina kutero kumapulumutsa ntchito. Kampani ya Oracle itagula Sun mu 2010, odzipereka ambiri a OpenOffice.org anachoka mu September chaka chomwecho n'kuyambitsa LibreOffice, imene ndiyo ili ndi moyo lero. Koma iwo anali mazana. Gulu la omasulira Chichewa, limene pa ntchito zambiri limakhala la anthu owerengeka pa zala, likagawikana patatu chifukwa cha c ndi ch, sipatsala wolima. Wikipedia ya Chichewa, imene ili ndi nkhani zosafika 2,000 pa chinenero cha anthu oposa 10 miliyoni, ikusonyeza kuchepa kwa manjawo. Njira imene zinenero zina zinatsata ndi yabwinopo: nkhokwe imodzi ya mawu ndi malamulo, kenaka kalamulo kakang'ono kosintha kalembedwe potulutsa, kuti wa ku Chipata aone c, wa ku Lilongwe aone ch. Kusintha chilembo n'kosavuta kwa makina. Mawu osiyana, monga a Chinyanja cha mu Lusaka chimene chabwereka zambiri ku Chibemba ndi Chinsenga, ndiwo ofuna kuti anthu amvane, ndipo sangamvane ngati a mbali imodzi ayamba ndi kunena kuti chinenero cha anzawo n'chowonongeka.

Mbadwo watsopano unayamba mu 2019, pamene Jade Abbott ndi Laura Martinus a ku South Africa, pamodzi ndi anzawo a pa msonkhano wa Deep Learning Indaba, anayambitsa Masakhane, dzina la Chizulu lotanthauza kuti timange pamodzi. Cholinga chinali chakuti makina omasulira zinenero za mu Africa apangidwe ndi eni zinenerozo. Gululi linachita chinthu chachilendo m'dziko la maphunziro: olankhula chinenero amene anasonkhanitsa ndi kuunika mawu analembedwa maina monga alembi a kafukufuku, osati kungothokozedwa m'munsi. Poyamba linadalira kwambiri JW300, nkhokwe ya ziganizo zotengedwa m'mabuku a Mboni za Yehova, amene amasuliridwa m'zinenero mazana, Chichewa chomwe. Nkhokweyo inachotsedwa pa intaneti chifukwa eni zolembazo sanapereke chilolezo, ndipo ofufuza anayenera kuyamba kusonkhanitsa zawozawo, m'manyuzipepala ndi kwa olankhula, ndi zilolezo zomveka. Mu 2022 gululi linatulutsa MasakhaNER 2.0, nkhokwe yophunzitsira makina kuzindikira maina a anthu, malo ndi mabungwe m'zinenero 20 za mu Africa. Chichewa chili m'gulumo, pansi pa chizindikiro chakuti nya, chimene pa mndandanda wa zinenero za dziko lonse chimaimira olankhula a ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe pamodzi.